Alamu anga ndi mpando wa pansi pa phiri

Loweruka lapitali, m'holo ina ya ku Morley, alamu anga a Mwale ananena mawu amene akhala akunena chaka ndi chaka, ndipo kwa nthawi yoyamba anthu anawakhulupirira. Mpaka lero sanandiimbire foni.

Koma tiyambire kuphiri, poti nkhaniyi inachokera kumeneko.

A Mwale anakwatira achemwali anga. Ndi amene anakanditenga pabwalo la ndege nditangofika kuno ku Perth, n'kundisunga miyezi isanu ndi iwiri m'chipinda cha ana awo ndisanapeze ntchito yosamalira okalamba imene ndikugwirayi. Iwo amagwira ku mafakitale a ku Kwinana. Kumeneko mnzawo wina wochokera kumapiri a ku Ulaya anawaonetsa pa foni, nthawi ya tiyi, masewera otchedwa giant slalom. Kuyambira tsiku limenelo m'nyumba mwa achemwali munalowa matenda.

Kwa inu amene Mulungu anakupulumutsani ku zimenezi, masewerawo ali motere. Amuna akuluakulu, a ndevu zawo, ena okwatira ndithu, amavala zovala zothina ngati sokosi, n'kumanga matabwa awiri aatali kumapazi, n'kudziponya kuchokera pamwamba pa phiri lokutidwa ndi chipale chofewa. Potsika amakhotakhota pakati pa timbendera tofiira ndi tabuluu timene amati mageti. Ukaphonya geti limodzi zako zada, ngakhale unali patsogolo pa onse. Amatsika mmodzimmodzi, kawiri pa tsiku, ndipo nthawi ziwirizo amaziphatikiza. Woyamba ndi wachiwiri amatha kusiyana ndi kachidutswa ka sekondi koti ngakhale kuphethira kumachedwa.

Mipikisanoyi imayamba mu Okutobala n'kudzatha mu Malichi. Lero phiri ili, sabata ina phiri lina, akutolera mapointi, ndipo wochuluka mapointi pamapeto amalandira chikho chagalasi chooneka ngati mpira. Inde, miyeziyo mwaiwerenga bwino. Ndi miyezi yomwe ija imene kuno chitsulo cha lamba wa m'galimoto sichigwirika masana.

Tsono taganizani. Kunja dzuwa likuswa mtengo, eyakoni yoziziritsa m'nyumba ikubuula, ndipo pa sofa pakhala bambo wa ku Mitundu, kabudula m'chiuno, thukuta lili kamukamu, akukalipira munthu wa ku Norway kuti wakhota mochedwa.

"Taonani alamu, wakhalira kumbuyo. Chipale cha lero n'cholimba, chimafuna munthu aziwerama kutsogolo."

Chipale chokha chimene bamboyu anachikhudzapo m'moyo wake ndi cha mufiriji.

Ine ndakhala ndikupita kukaonera nawo mpikisano uliwonse. Kutsika koyamba kumatipeza dzuwa litapendeka, kwachiwiri titangosamba m'manja. Sindinama, poyamba ndinkatsatira nkhuku ya achemwali. Koma matenda ndi opatsirana, ndipo pofika Disembala nanenso ndinkapezeka nditagwira mpweya, fupa lili m'manja, munthu wosamudziwa akuyandikira mzere womaliza.

Chimene alamu amachikonda koposa si kutsikako ayi. Ndi mpando.

Pakutsika kwachiwiri amatenga anthu makumi atatu amene anachita bwino koyamba, n'kuwatembenuza: wotsiriza ndiye amayamba, ndipo amene anatsogola amatsika pomaliza. Pansi pa phiri pamakhala mpando. Aliyense amene nthawi yake ikuposa onse amene atsika kale amakhala pamenepo, kamera ili pamphuno. Amakhala akuyang'ana kumtunda, akudziwa bwino lomwe kuti amene akubwerawo ndi oopsa kuposa amene adutsa. Wina akangomuposa, nambala imaoneka yobiriwira, ndipo wapampando uja amadzuka nthawi yomweyo, n'kumukumbatira mnzakeyo, n'kutola chisoti chake, n'kuchoka. Ena amakhalapo mphindi ziwiri zokha, mpando usanafunde n'komwe.

Pamenepo alamu amatsitsa mawu a TV n'kuyamba ulaliki.

"Mwaona alamu? Uko ndiye kukula. Palibe zoti wotchi yandibera, palibe zoti tikaonana kukhoti. Akanakhala wa kwathu kuja akanati mpandowu anamusiyira ndi agogo ake. Ife tidzatukuka tsiku limene tidzaphunzire kudzuka."

Ulaliki umenewu ndaumva kuyambira mu Okutobala. Unagwera andale, unagwera akulu a mpingo, unagwera ngakhale mphunzitsi wa timu ya mpira. Ine ndinkangovomera ndi mutu, poti m'kamwa munali modzaza.

Chimene sindinakuuzeni n'chakuti mlaliki ameneyu wakhala tcheyamani wa kagulu kathu zaka zisanu ndi zinayi.

Ndi kagulu ka Amalawi a mbali ino ya mzinda. Kamalandira ofika kumene, kamakonza chisangalalo cha mu Julaye, ndipo pakagwa zovuta ndi komwe kamasonkhanitsa anthu. Malamulo ake amati chisankho chizichitika chaka chilichonse, ndipo timachitadi. Ife si anthu ophwanya malamulo.

Mwambo wake nonse mukuudziwa, musanamizire kudabwa. Tcheyamani amaimirira, nkhope yakugwa, n'kunena kuti watopa, zaka zapita, banja likudandaula, ndiye anthu apeze wina. Akatero amakhala pansi n'kuyang'ana nsapato zake. Pamenepo munthu wina amadzuka n'kunena kuti, "Ayi a tcheya, musatisiye panjira. Ife ndi ana, tipita kuti?" Amayi amang'ung'udza movomereza. Tcheya amakananso kachiwiri, koma mawu atafooka. Kachitatu amapukusa mutu ngati munthu wolandira chilango, n'kunena kuti, "Poti mwandikakamiza." Timaomba m'manja, tipemphera, titsegula zakumwa.

Si bodza kwenikweni. Ndi momwe mlendo amakanira chakudya koyamba, aliyense akudziwa kuti mbale ibwerabe. Munthu wolemekezeka safuna kuoneka kuti akulakalaka chinthu, ndiye timamuthandiza kuchilandira ngati katundu wolemera.

Koma mwambowu uli ndi pofooka pamodzi: umadalira munthu wodzuka uja. Ndipo kwa zaka zisanu tsopano wodzukayo ndakhala ndili ine. Palibe anandipatsa ntchitoyi. Munthu amene anagona miyezi isanu ndi iwiri m'chipinda cha ana a mnzake sachita kuuzidwa nthawi yodzuka.

Pamene ine ndinkadzuka mokhulupirika chonchi, zinthu zinali zikuvunda. Mndandanda wa mayina, makiyi a kabati ya mipando ndi mapoto, nambala ya woyang'anira holo, zonse zimakhala m'thumba mwa alamu. Msonkhano umatenga maola anayi, atatu mwa iwo ali mawu a tcheya. Amati mutu umodzi susenza denga, koma alamu ankayesetsa ndithu, ndipo aliyense wofuna kugwirako mbali ina ankamuyang'ana ngati wakuba.

Mu Disembala namwino wina wochokera ku Zomba anakhala pabwalo la ndege kuyambira m'mawa mpaka masana, masutikesi awiri ali pambali, akudikira kagulu kamene kanamulonjeza kuti kadzamuchingamira. Alamu anali pa shifiti, foni itatsekeredwa m'kabati ya kuntchito, ndipo panalibe wina aliyense amene ankadziwa kuti kukubwera munthu. Amene anakamutenga pamapeto pake ndi Tadala, atamva kudzera kwa mnzake wa kuntchito.

Tadala ndi namwino ku chipatala cha ku Murdoch. Anabwera kuno ali ndi zaka zisanu, tsopano ndi mayi wa nyumba yake. Chichewa amamva chonse, koma amayankha m'Chingerezi cha kuno chija chotulukira m'mphuno. Nkhani ya pabwalo la ndege inamupweteka, ndipo Loweruka anabwera ku msonkhano ndi anzake okulira kuno okwana mizere iwiri. Ambiri mwa iwo chisankho chathu anali asanachionepo, chifukwa zaka zonsezi nthawi ya mawu a tcheya ankakhala panja.

Alamu anabwera atavala suti, m'holo mukutentha ngati mu uvuni. Analankhula za umodzi, za chikhalidwe, za mmene anayambira kaguluka ali anthu asanu ndi mmodzi m'galaja. Kenako anagwetsa nkhope.

"Abale anga, ine ndatopa. Msana ukundivuta, mayi kunyumba akudandaula. Chonde, chaka chino pezani wina."

Anakhala pansi n'kuyang'ana nsapato.

Anthu akale onse ankadziwa kuti tsopano ndi nthawi ya ine. Ndinagwira m'mbali mwa mpando wanga. Ndisanachite china chilichonse, Tadala anali ataimirira kale.

"Thank you, ankolo. That's really big of you. You've done heaps for us, and you deserve a rest."

Anawathokoza ndi mtima wonse kuti agwira ntchito yaikulu ndipo akuyenera kupuma. Munalibe chipongwe m'mawu ake. Anzake anaomba m'manja, ena anachita kuimirira powalemekeza. Alamu sanaomberedwepo m'manja motero zaka zisanu ndi zinayi zonsezi.

Mlembi wathu, Mayi Phiri, ndi munthu amene kuchipatala anazolowera kulemba zimene zanenedwa, osati zimene zikuganiziridwa. Cholembera chinayenda.

"Ndalemba kuti a tcheya atula pansi udindo," anatero osadzutsa mutu. "Tilandire mayina."

Mayi wina wachikulire anayesa kupulumutsa zinthu. "Koma ana inu, mwina tikanawapempha kaye a tcheya kuti aganizenso."

"No, aunty, we can't force him," anayankha Tadala, nkhope ili yachifundo. Kenako anathyola Chichewa chake chosowa chija kuti aliyense amve: "Msana ukuwawa. Si bwino."

Kodi mungatsutse bwanji namwino pa nkhani ya msana?

Alamu anadzutsa mutu. Sanayang'ane Tadala, sanayang'ane mlembi. Anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana fani ya kudenga ngati ndikuiona koyamba.

Mayina anaperekedwa awiri, manja anakwezedwa, ndipo kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya kaguluka tinachita kuwerenga. Tadala anapambana. Tsono inafika mphindi imene ndakhala ndikuiphunzira pa sofa miyezi inayi, yoti munthu adzuke.

Anadzuka, zimenezo ndiwachitire umboni. Koma sanadzuke ngati anthu a kuphiri aja. Anayamba asonkhanitsa mapepala, n'kuwagunditsa patebulo kuti alingane, n'kuwagunditsanso. Anapereka dzanja kwa Tadala maso ali kwina. Makiyi a kabati anali pamodzi ndi a galimoto yawo, ndipo chikhadabo chinkakanika kutsegula kawaya komangira makiyiwo. Holo yonse inadikira. Palibe anapita kukawathandiza, chifukwa kuwathandiza kukanaoneka ngati kuwalanda.

Tsono ndikufunseni, owerenga anga, analakwa ndani?

Pakhomo potuluka akuluakulu anali atapeza kale wolakwa. Ana a masiku ano alibe ulemu. Ana okulira kunja sadziwa mwambo. Zoona? Ana amenewa tinawalera tokha m'dziko limene munthu akati ayi amatanthauza ayi. Tinawatumiza ku sukulu zimene zimawaphunzitsa kuti mnzako akakana usamukakamize. Kunyumba tinawaphunzitsa kumva Chichewa, koma sitinawauzepo kuti pali malo ena amene munthu wamkulu akati watopa, ntchito yako ndi kumutsutsa. Ndiye lero tikudabwa kuti anamva zimene zinanenedwa?

Ndipo ifeyo, akatswiri a mwambo, tikakhala kuntchito timachita bwanji? Ndani mwa inu anapitapo kwa manijala wake n'kunena kuti, ine ntchito ino ndatopa nayo, pezani wina, kenako n'kuyang'ana nsapato? Palibe. Tikudziwa kuti angatibweretsere fomu ndi keke yotsanzikana. Lolemba mpaka Lachisanu timalankhula zimene tikutanthauza. Loweruka ndi Lamlungu timavala masuti n'kuyamba kulankhula zoti ena atimasulire.

Musaseke alamu okha. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. M'mipingo yathu kuno muli otsogolera kwaya amene akhala akutopa kuyambira ana athu ali m'matewera. Muli amayi apampando amene chaka chilichonse amalira misozi yeniyeni kuti awamasule, koma tayesani kutchula dzina lina muone ngati mudzalandirenso moni. Tonsefe madzulo timakhala pa foni kutukwana andale a kwathu kuti sachoka pampando. Tikatero timagona bwino, makiyi a kabati ali pansi pa pilo.

Timautcha kudzichepetsa mwambo umenewu. Ine tsopano ndikuona kuti ndi njira yochitira chisankho popanda kuwerenga manja. Amene angafune kupikisana ayenera kuyamba watsutsa holo yonse imene ikuchonderera munthu wotopa, ndipo ndani angafune kuoneka wankhanza chotero? Kuphiri kuja munthu sadzuka chifukwa ndi woyera mtima kuposa ife. Amadzuka chifukwa pali wotchi, ndipo wotchi ilibe mlamu woti aidzukire n'kuichonderera. Tikanaika mwambo wathu pansi pa phiri lija, wa ku Norway akananena kuti watopa, anzake akanamugwira mapewa kuti akhalebe, ndipo amene watsika mofulumira akanauzidwa kuti akadali mwana, adikire nthawi yake.

Mpaka pamenepa ndimalemba ndikumwetulira. Zotsatirazi sizinandisekese.

Kunja, poimika magalimoto, achemwali anandikokera pambali. Sanakweze mawu.

"Iwe, ukudziwa dzina limene alamu ako amaitanidwa nalo ku Kwinana?"

Ndinati sindikudziwa.

"Benny. Munthu anali hedimasitala wa sekondale, akalowa m'kalasi ana onse ankaimirira. Kuno mwana wobadwa dzulo amawakuwira kuti, Benny, mate, tabweretsa sipanala. Amabwera kunyumba osanena kanthu. Malo okha m'dziko lino amene munthu ankawatchula ndi ulemu wawo ndi m'holo umu. Iwe umaganiza kuti ankakakamira makiyi a mapoto?"

Manyazi anandigwira, ndipo chisoni chinandigwiranso, chifukwa zaka zonsezi ndadya m'nyumba imeneyo koma funso limeneli sindinalifunsepo. Ndinkaona suti ya Loweruka, osaganizako za ovolosi ya Lolemba.

Alamu anali atakhala kale m'galimoto. Anatsitsa galasi pang'ono.

"Alamu, ndifunse chinthu chimodzi chokha. Munachedwa, kapena munakhala chete?"

Ine, mwamuna wamkulu, wolemba ndime imene imadzudzula anthu sabata ndi sabata, ndinaseka pang'ono n'kunena kuti kunja kwatentha kwambiri lero. Anandiyang'ana kanthawi, n'kugwedeza mutu, n'kukweza galasi.

Lamlungu kunali mpikisano wina. Kuyambira mu Okutobala, tsiku la mpikisano foni yanga imalira masana, mawu ake amodzimodzi: "Alamu, anyamata akutsika lero." Lamlungu ili sinalire. Ndinakhala m'kanyumba kanga n'kudya buledi, ndipo sindikudziwa kuti anapambana ndani. Achemwali akuti bamboyo anaonera yekha, ndipo sanatsitse mawu a TV ngakhale kamodzi.

Munthu ameneyu ndi m'bale yekha wamwamuna amene ndili naye kuno. Ndikadwala ndi amene amabwera. Ndiye funso lake silingangokhala m'malere, ndipo poti pakamwa panandikanika, ndiyankhira pano.

Alamu, ndikudziwa kuti ndime ino mumawerenga, ngakhale mumati mumangoona mutu wokha.

Sindinachedwe. Miyendo inali bwinobwino, mawu ndinali nditawakonza kuyambira m'basi. Mpata unalipo wokwanira, Tadala sanathamange monga mmene ndafotokozera pamwambapa. Nditagwira mpando kuti ndidzuke ndinaona namwino wa ku Zomba uja atakhala mzere wachitatu, ndipo ndinachotsa manja anga dala. Ndinaona kuti kaguluka kakufunika munthu wina, ndipo lero ndikuonabe choncho.

Koma ndinadziwa zimenezi kuyambira mu Disembala. Ndakhala pa sofa panu masabata onsewa, ndikudya nkhuku yanu, ndikuvomera ulaliki wanu, osatsegula pakamwa. Ndikanabwera Lachisanu, tili awiri pakhonde, n'kukuuzani kuti mawa sindidzuka, mukanalowa m'holo muja mukudziwa, mukanasankha nokha mawu otsanzikira, ndipo makiyi mukanawamasuliratu kunyumba. Ndinaopa nkhope yanu, ndiye ndinakusiyani kuti muzimve pamaso pa anthu.

Chimenecho ndikupepesa, alamu, ndipo ndibwera kudzapepesa ndi pakamwa, kaya mundiitana kaya ayi.

Chinacho sindipepesa.